Zimene Achimwene Anafufuta pa Mbiri ya Bambo

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa ndi simenti ya pabalaza. Amayi a kumpingo anali atasasa mawu ndi nyimbo, ndipo panja moto wa azibambo unali utatsala makala okhaokha. Linali tsiku loika bambo anga ku Bangwe.

Pa unyamata wawo bambo anali khukhi ku Congo. Ankaphikira asilikali a ku Ireland osungitsa mtendere pamene adani anawazinga kwa masiku angapo, madzi n'kuwathera, ndege ikuwaponyera mabomba. Bambo anali momwemo. Zimenezi ndinazilemba mu mbiri yoti ikawerengedwe kumanda, pepala n'kupatsa achimwene anga aakulu.

Kutacha anthu anadzaza mpaka kumsewu, maminibasi akudutsa pang'onopang'ono pa nthambi zamaliro. Kunali chiperoni, utsi wa kophikira ukungozungulira pansi. Achimwene anandikokera kuseri kwa nyumba.

"Achemwali, za ku Congo zija ndafufuta. Kwabwera mabwana anga akuntchito, mukufuna atiseke? Umboni wake uli kuti?"

Ndinapsa mtima. Umboni! Munthu amene ankati akamva ndege, mbale n'kumupulumuka m'manja, lero akufunika chidindo?

Tinatsata bokosi wapansi, matope akumata masilipasi. Kumanda achimwene anawerenga kuti malemu anabadwa, anakwatira, anabereka, anali mkulu wa mpingo. Basi, ngati chiphaso. Kenako bwana wina amene sanawaonepo bambo n'kamodzi komwe anayankhula mpaka miyendo kuchita dzanzi, akutamanda kampani yake chifukwa cha lole imene inapereka pamaliropo. Ine ndinali kumbali ya azimayi, kumene munthu umaloledwa kulira koma osati kuyankhula. Sindinalire. Ndinkangoyang'ana nsapato zonyezimira za achimwene.

Madzulo anthu atabalalika, nyumba inangoti zii. Mipando yobwereka inali itapita, pakhomo patatsala phulusa. Ndinalumbira kuti achimwene sindidzawalonjeranso. Mwana wanga wamkulu, amene anabwera kuchokera ku Machinjiri, anakhala pafupi nane.

"Asiyeni amalume, mayi. Ndiuzeni ineyo, ndilembe. Agogo anatulukamo bwanji m'mene anawazinga ku Congo muja?"

Nanenso sindinkadziwa. Zaka zonsezi bambo akamasimba nkhaniyi n'kufika poti madzi anatha, ine ndinkaimirira n'kunena kuti, "Bambo, tinaimva kale imeneyo." Sindinawalolepo kuimaliza.