Mawondo a Mbuzi ya Rukiya

Inu amene mukuona ngati zanu zonse zalowa m'madzi, tamvani za Rukiya wa ku Amaramba.

Tsiku limene anafika kwawo n'kupeza chikopa cha mbuzi yake chitayanikidwa pamtengo wa mango, mtsikanayu anakhala pansi n'kulira ngati pamaliro.

Sinali mbuzi wamba. Rukiya analephera kawiri mayeso olowera udokotala wa anthu, n'kugwera wa ziweto, anzake n'kumamuseka kuti dotolo wa mbuzi. Koma mtima wake unali pa nyamakazi ya m'mawondo imene inasiyitsa bambo ake, a Jamali, kupalasa njinga ya nsomba. Kuyunivesite kunali gulu lofufuza ngati maselo osakhwima, otengedwa m'mafuta a m'mafupa, angachedwetse kuperepeseka kwa mawondo a nyama. Rukiya anakakamira kuti alowemo, mpaka mphunzitsi wotsogolera gululo anatopa naye.

“Kayese pa mbuzi yokalamba. Ukabweretsa chooneka, ulowa.”

Anabaya maselowo m'bondo lamanja la mbuzi ya kwawo yotsimphina, lamanzere n'kulisiya kuti adzayerekeze. Kenako anabwerera kusukulu kukadikira miyezi.

Komatu kunyanja kuno mbuzi ikagona osadzuka, Msilamu sazengereza kuidula pakhosi. Ikafa yokha ndi haramu, ndiwo zatayika.

“Inatupa mimba, mwanangu,” anatero a Jamali. “Ndinati bola ndiichinje isanafe. Ndalakwa?”

“Ababa, mwachinja shikola yanga.”

Ambirife tikanathera pomwepo, n'kudya nawo nyamayo mokwiya. Rukiya ayi. Anapukuta misozi n'kufunsa, “Nanga miyendo ili kuti?”

Inali m'beseni, mayi ake atanola kale mpeni, madzi akuwira pamoto. Rukiya anaitsomphola. Anapempha ayezi kwa ogula nsomba, n'kupalasa njinga mpaka ku Insaca, miyendo ya mbuzi ili pakaliyala. M'shapa, minibasi imene anakwera kumeneko, anthu ankamufunsa ngati akugulitsa.

Kuyunivesite anatsegula mawondo onse awiri. Lamanzere, kafupa kofewa koteteza mafupa kuti asakhulane kanali katadyeka. Lamanja kanali kadakalipo, kosalala ndithu.

Mphunzitsi anayang'ana nthawi yaitali. “Mbuzi imodzi si umboni,” anatero. “Koma munthu wolanditsa ntchito yake mumphika ndikumufuna. Uyambe Lolemba.”

Madzulo Rukiya anaimbira bambo ake. Nkhalambayo inaseka, kenako inafunsa motsitsa mawu za jakisoni uja, “Ndiye pika imeneyo undibaya liti ineyo?”

Ine mtsikanayu ndimamugomera apa. Sananame.

“Sinafike pa anthu, ababa. Mwina papita zaka.”



“Basi, gwira ntchito,” anatero a Jamali. “Mawondo anga anapita kale. Thamangira a anzanga amene akadayenda.”

Lero Rukiya ali m'gulu lija, ndipo amafika m'khola la mbuzi anzake asanadzuke.

Nanunso chimene munkadalira chikagwa, lirani, kulira si mlandu. Koma musanachoke, funsani chimene chatsala. Osataya mtima.