Liwu Limene Wayilesi Inameza

Alamu anga, amuna awo a achemwali, anataya mwendo wakumanja pa kamlatho kena ka njira ya ku Musana, ndipo kwa miyezi itatu ndinazungulira komboni yonse kuuza aliyense kuti wolakwa sindinali ine. Amene ndinkafuna kuti andikhulupirire anali mmodzi yekha, alamuwo. Enawo ndinkangowauza poti pakamwa panga sipadziwa kutseka.

Tonse awiri tinali madalaivala a malole pa mgodi wina kufupi ndi Bindura, kudziko la Ashona, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950. Tinkakatenga mitengo kutchire yochirikizira makoma a pansi pa mgodi. Chaka chimenecho kampani inatiikira wayilesi m'malole athu awiri, osati yomvera nyimbo ayi, koma yolankhulirana ndi ofesi komanso ife tokhatokha. Linali bokosi lolemera kuseri kwa mpando, ndi cholankhulira chokhala ndi kabatani. Foromani anatiphunzitsa malamulo ake m'Chilapalapa, chinenero cha pa migodi, akutiloza ndi chala: imika lole, dina kabatani, puma kamodzi, kenako lankhula. Ukatha unene kuti ova, uchotse chala.

Alamu ankatsatira zonsezo ngati malamulo a tchalitchi. Ankaimika lole, n'kupereka moni wonse, kufunsa ndi za ana omwe. Ine ndinkawaseka.

"Alamu, moni wanuwu utithera batire."

"Inu alamu," ankatero, "lilime lanu limathamanga kusiya chala m'mbuyo."

Tsikulo linali la mu Julayi. Tinagona ku msasa wa odula mitengo, ndipo m'mawa udzu wa m'dambo unali utayera ndi chisanu. Lole yanga inali yokalamba, ndipo ikamva kuzizira inkachita makani. Ndinaipukusa ndi handulo mpaka dzanja kutupa, ndinaithira madzi otentha, ndinaitukwana, ndiye injini n'kulira. Ine ndinanyamula mitengo yaing'onoing'ono, alamu ananyamula zipika zolemera, choncho ndinatsogola.

M'chigwa munali nkhungu, yosakanikirana ndi utsi poti dzulo lake anthu anali atatentha tchire. Kamlathoko kanali ka matabwa, ndipo tinali titakawoloka kambirimbiri. Ndili pakati ndinamva phwa! Matayala akumbuyo anatitimira, lole n'kudumpha, n'kutulukira tsidya. Nditayang'ana pagalasi ndinaona utsi ukufuka pansi pa matabwa. Moto unali utadya mitanda yonse ya kunsi.

Kutsogolo kwanga kunali chitunda chachitali. Ndinadziwa kuti ndikaima pamenepo injini izima, ndiye handulo ija ndiyambirenso ndi zala zouma ndi chisanu. Ndinaponda moto. Nthawi yomweyo wayilesi inakhosomola.

"Alamu, kutsogoloko kuli bwanji? Kuno nkhungu yatseka. Ova."

Dzanja lina linali pa chiwongolero, lina pa giya. Ndinatsomphola cholankhulira n'kukuwa kuti, "Sikuli bwino!" Ndinkati ndipitirize, koma tayala linagunda mwala, cholankhulira n'kupulumuka kugwera kumapazi. Mumtima ndinati amva, zotsalazo ndikafotokozera pamwamba.

Pamwamba ndinaimadi. Ndinaitana kawiri, katatu, kuli zii. Ndinatsika chitunda chija ndi liwiro, ndipo ndisanafike ndinamva fungo la petulo. Lole ya alamu inali itazondoka mumtsinje wouma, zipika zitaboola kumbuyo kwa mpando. Iwo anali maso, osalira, akungoyang'ana mwendo wawo. Ndinakweranso chitunda kukaitana ofesi, ndipo ulendo uno malamulo onse ndinawatsata bwinobwino.

Kalaliki wa ku ofesi, Mshona wina wofatsa, anali atamva zonse pa wayilesi yake. Anandiuza pamaso pa foromani kuti, "Shamwari, mnzanga, iwe unati kuli bwino. Ndinamva ndi makutu angawa." Ndinamutukwana mpaka anthu anatigwira. Ntchito sanandichotse, poti wotentha tchire sanapezeke ndipo mlandu unagwera moto. Koma m'komboni nkhani inali itayenda kale. Kumpope azimayi ankasiya kulankhula ndikamadutsa.

Kuchipatala alamu ankatembenukira kukhoma. Ndinawagulira malalanje a ku Mazowe, achemwali n'kuwalandira ndi manja awiri, n'kuwaika pansi pa bedi. Achemwaliwo ndi amene anandilera amayi atamwalira, ndi amenenso anandiitanitsa ku Dedza kuti ndidzapeze ntchito kuno. Malalanje a pansi pa bedi aja ankandipweteka kuposa mbama. Liwu lija ndinkalinena ndekha ndikuyendetsa, sikuli, sikuli, mpaka ndinayamba kukayika ngati ndinalinenadi.

Tsiku lina ndinakapepesa kwa kalaliki uja n'kumupempha kuti tiyese. Iye anakhala mu ofesi, ine mu lole panja. Ndinkadina kabatani n'kulankhula nthawi yomweyo, monga ndinachitira tsiku lija. Ulendo uliwonse iye ankatulutsa mutu pawindo n'kunena kuti, "Kuli bwino." Ndikapuma kaye ndisanalankhule, ankamva "sikuli". Wayilesi inkachedwa kudzuka, ndiye inkameza chiyambi cha mawu. Tsoka lake, m'chinenero chathu kukana kumakhala koyambirira komweko.

Ndikuchita manyazi kunena kuti ndinasangalala. Ndinavina pabwalo la ofesi, munthu ali chigonere wopanda mwendo. Ndinauza a m'tchalitchi, ndinauza shehe wa ku mzikiti amene ankatigulitsa nyama, ndinauza ndi ana omwe. Alamu okha ndi amene sanayankhe, ngakhale ndinawafotokozera katatu konse.

Atatuluka m'chipatala, kampani inati abwerere kumudzi. Ndinawaperekeza ku siteshoni. Kunali kutayamba kutentha, koma iwo anavala jasi lawo la pa lole, mwendo wa thalauza atawupinda n'kuwumanga ndi pini. Achemwali anakhala pa sutikesi. Sitima isanafike ndinayambanso.

"Alamu, musapite musanandimve. Ndikulumbira, ndinati sikuli."

Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba chichitikire ngozi ija. M'maso mwawo munalibe ukali, ndipo zimenezo zinandiopsa.

"Alamu, za kaliwu kanu ka 'si' kaja ndinakhulupirira kalekale. Chikhalire simunandinamizepo." Anasuntha ndodo zawo. "Chondisowetsa tulo n'china. Matabwa anathyoka pansi panu. Munadziwa kuti m'mbuyo muli ine, ndi zipika. Munaima?"

Ndinayang'ana njanji.

"Mukanatsika n'kuima pamsewu, n'kukweza dzanja basi. Wayilesi n'chiyani pamenepo?"

"Ndinaopa kuti injini izima," ndinatero. Aka kanali koyamba kuzinena kwa munthu.

Alamu anangogwedeza mutu pang'onopang'ono. Iwo anali atazidziwa kale. Amene sankadziwa anali achemwali. Miyezi yonseyo ankaganiza kuti mlongo wawo anangophonya mawu. Ananyamuka pa sutikesi paja.

"Achimwene, munaona utsi, osaima?"

Sitima inalowa ndi phokoso lake. Ndinawerama kuti ndinyamule sutikesi, koma achemwali anachotsa dzanja langa pa chogwirira, n'kuisenza okha.