Munda Umene Ndinagula kwa Zidakwa

Anthu ena ndikawasimbira nkhaniyi amandiyang'ana ngati ndikukokomeza, koma ine ndine mayi wamkulu tsopano, wa zidzukulu, bodza lingandipindulire chiyani? Zimenezi zinandichitikira ineyo, masanasana dzuwa likuswa mtengo, ndipo kumbali ya Mitande aliko anthu amene akuzikumbukira mpaka lero. Maina sinditchula, osati chifukwa chowalemekeza eni nkhaniwo, ulemu wawo anaumwera kumodzi ndi kachasu, koma ali ndi abale osalakwa amene ndimakumana nawo m'maliro.

Banja limeneli ndinalidziwira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo, komwe tinayandikana zisakasa zaka zambiri. Nthawi imeneyo anali anthu, sindingawanamizire. Bamboyo anali telala, makina ake anachita kuwasenza pamutu pothawa, kusiya zofunda koma makina osawasiya, ndipo mayiyo ankakazinga zitumbuwa zoti ukadya chimodzi umabwerera pakhomo pake. Amuna anga atamwalira kumsasako, kundisiyira ana awiri ndi pathupi, mayi yemweyu ndiye ankanditungira madzi mwezi wathunthu, ndipo tinkaitanana achemwali. Nkhondo itatha iwo anali m'gulu loyamba kubwerera, ine ndinatsalira kuti ndichire kaye, mwana alimbeko khosi.

Nditabwera patapita chaka, ndinayamba ndafika kwathu ku Itepela, koma munda wa malemu amayi ndinapeza ena amene anafulumira atalimamo kale, ndipo mkazi wamasiye wa ana atatu mlandu wa malo angauyimbe ndi mphamvu ziti? Ndiye ndinatsikira ku Mitande kulondola achemwali anga aja, poganiza kuti kumene kuli wodziwana naye sufa ndi njala.

Amene ndinawapezawo, abale anga, sanali anthu amene ndinawaperekeza pokwera lole. Nkhope zotupa, milomo yofiira ngati yowauka, bambo uja amene ankalowetsa ulusi m'singano osayang'ana n'komwe anali akulephera kumanga batani la malaya ake omwe. Ndinamva pambuyo pake kuti poyamba anaika makina pakhonde la sitolo ku Mandimba, koma zovala za kaunjika zinali zitadzaza msika moti palibe ankasoketsa, ndiye mkaziyo anayamba kutcheza kachasu kuti azipezako ya mchere. Mpaka apo ndani angawatsutse? Koma mayi anati wotcheza ayenera kulawa, bambo nawo anati kasitomala samwa yekha, ndipo posakhalitsa makasitomala awo okhulupirika anali eni akewo. Makina anagulitsa kwa wamalonda wina wa ku Cuamba, kenako malata, kenako chitseko chenicheni, anthu akuluakulu kumagona m'nyumba yotseka ndi chiguduli. Ana awo anachita kudzawatenga amalume awo atamva kuti akudyera m'makomo mwa eni.

Anandilandira ndi misozi, misozi ya chidakwa imene sichedwa kutsika, ndipo nditangodandaula za malo anayang'anana. Mayiyo anati ali ndi munda wa makolo ake pafupi ndi mlatho, wogona zaka zonse za nkhondo, nthaka yakuda yosafuna feteleza, ndipo poti ndine m'bale wawo ndingowapatsa mbuzi zanga ziwiri zimene ndinabwera nazo kuchokera ku Malawi. Anandilangizanso kuti ndisauze anthu msanga, angandilande. Ine ndi nzeru zangazi ndinasunga chinsinsi ngati ndatola ndalama pamsewu. Munda waukulu chotero, wa m'mbali mwa madzi, anthu onse akulimbirana malo koma uwo wokha uli phee, sindinadzifunse ngakhale kamodzi kuti enawo maso alibe kodi. Paja amati safunsa anadya phula.

Mwezi wotentha uja mvula ili pafupi ndinakatentha tchire, nditaima kumsewu. Moto uli mkati kunamveka kuphulika kawiri, kwamphamvu moti nthaka inanjenjemera kumapazi. Nditawafunsa ondigulitsa aja, bamboyo anati ndi nsungwi, zimatero zikapsa. Nsungwi zake ziti, munda wopanda ngakhale phata limodzi la nsungwi? Koma munthu ukaperekapo mbuzi zako umakhulupirira chilichonse chimene chikukuuza kuti sunapusitsidwe.

Masiku awiri oyamba ndinalima m'mphepete. Tsiku lachitatu ndinasiya ana akuluwo kunyumba, ndinabereka wamng'onoyo, amene anali atangoyamba kukwawa, n'kulowa mkati mwa lupsa mpaka pamtengo wa mango umene unali pakati pa munda. Ndinamuyamwitsa, anagona, ndinamugoneka pachitenje mumthunzi, ine n'kupita chapoteropo kukazula zitsa. Ndazula chimodzi, ndazula chachiwiri, pachitatu khasu linangoti khwee, kukhula chinthu chosakhala mwala kapena muzu. Dothi litagumuka ndinaona chinthu chozungulira ngati chivundikiro cha poto, chobiriwira mothimbirira, chili pakati pa mapazi anga awiriwa.

Tisananyamuke kumsasa kuja anabwera anthu ndi zithunzi kudzatiphunzitsa za mabomba okwirira pansi, amene kuno timati mina, ndipo ife tinkawodzera, ena kumaseka kuti kwathu tikukudziwa. Tsiku limenelo mawu awo onse anabwerera m'mutu mwanga: ukaona, ima pomwepo, itana anthu, ukafuna kubwerera ponda m'mapazi mwako momwe. Ndinakuwa. Ndipo kukuwako ndiye kunali kulakwa kwanga, chifukwa mwana uja anadzidzimuka, anandiona, n'kuyamba kukwawa kubwera kwa ine, osati modzera m'mene ndinaponda ayi, koma molunjika, paphulusa pomwe sipanapondepo munthu.

Amayi anzanga, munayamba mwaonapo mwana wanu akukwawira imfa uku akukusekererani? Ndinamukalipira kuti akhale pansi, iye n'kumayesa masewera, timanja tija phaphapha paphulusa. Kuthamanga sindikanatha, kuima sindikanathanso. Chimene chinandikumbutsa kuti kunsonga ya chitenje ndinamangirira chinangwa chootcha sindichidziwa, koma ndinamasula, ndinaponya chidutswa n'kugwera pambali pake penipeni. Anaima, anachitola, anakhala pansi n'kuyamba kuchimung'unya ndi phulusa lomwe.

Pamenepo ndinatsamiritsa khasu pachitsa pang'onopang'ono ngati ndikugoneka wodwala, n'kuyamba kufunafuna mapazi anga. Kamphepo ka nyengo imeneyo mukukadziwa, kanali katayamba kale kuulutsa phulusa, moti ena ankaoneka bwino, ena chidendene chokha, ena ndinkachita kulota kuti mwina ndinaponda apa. Phazi lililonse ndinkalitsitsa nditatsanzika. Sindibisa, mkodzo unatsika m'miyendo ndipo sindinasamale. Nditafika poyandikana naye ndinatambasula dzanja, ndinamugwira mwendo n'kumukoka ngati nkhuku, iye kulira kuti ndamutayitsa chinangwa. Ndinabwerera naye patsinde la mango paja n'kukhala pansi, chifukwa mapazi ochokera pamtengopo kukafika kumsewu anali atafufutikiratu.

Ndinakhala pamenepo kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, madzi ndilibe, mawu atasasa ndi kuitana. Amene anandimva ndi bambo wina wogulitsa nsomba zouma panjinga, amene pankhondo anali msilikali. Atandiona anagwetsa njinga n'kugwira m'mutu, anandiuza kuti ndisasunthe ngakhale chala. Anazula sipoko ya njinga yake yomwe, anagona chafufumimba, n'kumabaya nayo dothi mopendeketsa, pang'onopang'ono, akukwawa kubwera kwa ine. Pakati panjira anaima nthawi yaitali, anazika kamtengo, n'kukhota, ndipo sindinafunikire kuuzidwa chimene anapeza. Atatitulutsa anakhala pansi pamsewu thukuta lili kamukamu, n'kundifunsa kuti zikhomo zofiira zili kuti. Anati asilikali olondera mlatho anatchera malo onsewo, ndipo nkhondo itatha panazikidwa zikhomo zopaka utoto wofiira kuzungulira, ndi kachikwangwani ka lata kojambula chigaza cha munthu. Ine ndinati sindinapezepo kanthu.

Sindinapite kunyumba. Ndinalunjika kwa anthu aja mwana ali kumsana, phulusa thupi lonse, ndipo ndinawapeza kuseri akutcheza. Sindinachite kufufuza ayi. Nkhuni zimene zinali pamoto pansi pa mgolo zinali zikhomo zija, utoto wofiira ukuonekabe kunsonga zosapsa, ndipo kachikwangwani kaja anatsekera khola la nkhuku, chigaza chikuyang'ana kunja, khola lake lopanda ngakhale nkhuku imodzi. Nditawafotokozera zonse, mayi uja, amene ndinkamutcha achemwali, anandiyang'ana ndi maso ofiira n'kundifunsa ngati ndafa. Mwamuna wake anawonjeza kuti ndisachite mantha ngati mwana, zinthu zimenezo zikakhalitsa m'dothi zimawola ngati chinangwa, ndipo za mbuzi ndiiwale, zinamwedwa kale. Anaseka onse awiri, kenako anayamba kukanganirana kapu.

Ndinasokosa mudzi wonse. A sekeretariyu, akulu a boma oyang'anira dera lathu, anakazika timitengo ta nsanza zofiira pamunda paja, anati akatswiri ochotsa mabomba adzafika akamaliza msewu waukulu wa ku Cuamba, ndipo analamula kuti anthuwo andibwezere mbuzi zanga. Chaka chimenecho ndinadyetsa ana ndi ganyu wa m'minda ya eni, ndipo mkwiyo wanga wonse unathera pa mbuzi ziwirizo. Ndinkawatsata pachitsime, pamsika, ngakhale pamaliro, kuwatukwana pagulu kuti andipatse zanga, mpaka anthu ankati ndikatulukira, zidakwa zija zimathawira m'chimanga.

Anthu atakolola, m'mawa wina ndinangoona mayi uja akulowa pakhomo panga atasamba kumaso, akukoka mbuzi ziwiri zonenepa kuposa zanga zija, ina ya bala loyera pamphumi. Anati achemwali, nkhani ija ithe. Ine ndinazilandira, ndipo ndinayenda m'mudzi monyada kuti zidakwa zimafuna munthu wouma mutu ngati ine. Koma anthu opanda ngakhale supuni m'nyumba mbuzi ziwiri akanazitenga kuti? Funso limenelo linabwera mumtima mwanga tsiku lomwelo, sindinama, ndipo ndinalikankhira kumbali chifukwa ndinkafuna mbuzi.

Sipanathe mwezi. Tili pachitsime m'mawa tinamva kugunda kumbali ya mlatho, ndipo ine ndekha ndinakhala pansi ndowa ili m'manja, chifukwa ndinadziwa. Anali bambo wina wa ku Cuamba, amene anatopa ndi kusenza katundu pasiteshoni ya sitima n'kubwera ndi mkazi ndi ana anayi kudzafuna malo olima. Anthu aja anazulanso timitengo tija n'kumugulitsa munda womwe uja, n'kumulangizanso kuti asauze anthu. Anatsirizikira panjira akupita naye kuchipatala ku Mandimba.

Tsiku lachiwiri maliro ataikidwa, mkazi wake anadutsa pakhomo panga ndi ana ake, mitolo ili pamutu, akubwerera kwawo. Anaima pakhola langa nthawi yaitali. Kenako anaitana mbuzi ya bala loyera ija ndi dzina, ndipo inabwera kudzamunyambita dzanja. Sanandikalipire, anangondifunsa mwaulemu, akunditcha mayi, kuti mbuzi zimenezi ndinazipeza bwanji. Ndinamasula zingwe n'kumupatsa zonse ziwiri, ndipo pochoka anandithokoza. Ndikanakonda akanandilavulira malovu.

Bambo watelala uja anamangidwa ndipo sanabwererenso, akuti chifuwa chinamumaliza kundende. Mkazi wake anathawa, koma patapita zaka ndinamuona ku Cuamba kuseri kwa malo omwera mowa, akukhuthulira m'chitini zotsalira za m'mabotolo a eni. Anandizindikira, anatambasula dzanja, ine ndinadutsa ngati ndadutsa chitsa, ndipo mpaka lero sindinamvepo chisoni.

Alipo amene amati banja lija analilodza chifukwa cha nsanje ya makina, ena amati ndi nkhondo inawasokoneza mitu. Nkhondo tinaithawa tonse, njala tinaigona tonse, bwanji enafe sitinagulitse anzathu? Ine ndimakhulupirira kuti chidakwa si wamisala, amadziwa bwinobwino chimene akuchita, kungoti moyo wako ndi botolo akaziika pamodzi botolo ndiye limalemera. Choncho inu amene mukufuna malo, munda wabwino ukakhala wopanda woulimbirana, funsani anthu khumi musanagwire khasu, ndipo wokuuzani kuti musauze anthu muthaweni. Koma chenjezo lalikulu ndi ili, lochokera kwa ine amene ndinapulumuka ndi mwana wanga: munthu amene mukudziwa kuti alibe kanthu akakubweretserani zanu, mufunseni kumene wazitenga musanazilandire. Ine sindinafunse, ndipo ana anayi anakula opanda bambo.