A Musaphethire ndi Kamera Yosachotsa Lenzi

Alamu anga ndi ine tagwira ntchito m'chipinda chimodzi zaka makumi awiri ndi zitatu. Iwo amajambula anthu kumbuyo, kumene kuli nsalu yabuluu ndi mpando wopanda chotsamira. Ine ndimakhala chakukhomo, kudula magalasi ndi kukhoma mafulemu a zithunzi. Pakati pathu pali katani yong'ambika m'munsi, choncho zonse zimene amalalata ndimazimva, ndipo amalalata tsiku ndi tsiku.

Mumsewu mwathu onse amawatchula kuti a Musaphethire, chifukwa ndiwo mawu amene amakalipira nawo aliyense wokhala pampando uja, kaya ndi khanda kaya ndi gogo. Ntchitoyi anaiyamba m'masiku a filimu, pamene kudina batani kawiri pa munthu mmodzi kunali kuwononga. Chizolowezicho sichinawachoke. Munthu mmodzi, chithunzi chimodzi. Amadikira diso lili pakabowo, chala chili pabatani, kenako kha, basi, wotsatira akhale. Kagalasi kakumbuyo kwa kamera sakayang'ana n'komwe.

"Ana a masiku ano amangowaza ngati akuthirira ndiwo," amatero. "Zithunzi makumi asanu kuti atolepo chimodzi. Kujambula kumeneko?"

Kamera yawo inali yakale, ya mtundu wochotsa lenzi, ija opanga anapangira ongoyamba kumene. Anaigula kwa munthu wina itatopa kale. Labala wa pogwirira anali atasupuka, iwo n'kumatapo tepi wakuda. Lenzi inali imodzi yokha, yaifupi, yoyenera munthu woima pafupi. Koma ukaidina inkamvera nthawi yomweyo, ngakhale m'chipinda mwathu mopanda zenera.

Mkazi wawo, amene anali mlongo wanga, anatisiya mwana wawo womaliza ali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Mwanayo tonse timamutcha Mzime. Anakulira m'chipinda chomwechi, akulemba ntchito ya kusukulu pa benchi langa, ine ndikumuuza kuti asagwire m'mphepete mwa galasi. Chaka chatha anamaliza maphunziro a unamwino. Tsiku lina masana anabwera ndi makadi awiri oitanira ku mwambo wolandira satifiketi, limodzi la bambo ake, lina langa.

"Ababa, muwerenge kaye kumbuyoko musanayambe kusita suti," anatero.

Anawerenga chamumtima. Kenako anawerenganso mokweza ngati ine ndili kutsidya kwa msewu. Makolo onse adzakhala pa mipando yam'mwamba, kumbuyo kwa holo. Ntchito yojambula mwambowo koleji inaipereka kwa kampani ina. Makamera ochotsa lenzi saloledwa kulowa.

"Walemba izi ndani?"

"Akuofesi, ababa."

"Akuofesi. Holo imeneyo ndajambulamo ana a eni zaka khumi ndi zinayi. Ndagwada pa simenti ija mpaka mawondo a thalauzi kuyera. Lero wafika wanga, akuti ndikakhale kudenga ngati mleme."

"Kampaniyo ijambula aliyense. Mudzangogula chithunzicho."

"Ndikagule nkhope ya mwana wanga kwa mlendo? Alamu, mukumva zimenezi?"

"Ndikumva," ndinatero.

Ku ofesi ya koleji anapitako kawiri. Ulendo woyamba anawauza kuti mwini nkhaniyo ali kumsonkhano. Ulendo wachiwiri anamupeza, ndipo anawayankha mwaulemu kuti lamulo ndi lamulo. Pobwera anamenyetsa chitseko mpaka galasi limene ndinatsamiritsa kukhoma linachita mng'alu. Sanapepese. Ndinalidula n'kupangira zithunzi zing'onozing'ono.

Zitseko zitatu kuchokera pathu pali shopu ya mawailesi, mafoni ndi makamera. Mwini wake ndi bambo wonenepa, wa msinkhu wa mwana woyamba wa alamu. Atamva phokosolo anabwera yekha ndi kamera yatsopano m'manja. Maonekedwe ake inkafanana ndi ya alamu, koma lenzi yake sichoka, ndipo akuti imakoka zinthu zakutali n'kuzibweretsa pamphuno. Imeneyo alonda sangaikane. Mwini shopuyo anati akhoza kusinthana nawo, chifukwa anali ndi munthu wofuna yakale yoti aphunzirirepo. Kuwabwereka anakana. Akuti kamera ikatuluka m'bokosi n'kupita kumwambo, sibwerera ili yatsopano.

Milungu itatu alamu sanagone mutu umodzi. Lero anene kuti yatsopanoyo ndi chidole cha alendo oona nyama, mawa muwapeze ataima pazenera la shopu manja ali kumbuyo. Makasitomala analawa ukali umene sanaupute. Mayi wina amene anangopempha kuti amujambulenso chifukwa mpango unapendekeka anauzidwa kuti akajambulitse kwa amene anamumanga mpangowo.

M'mawa wina anakankha katani n'kuima pa benchi langa.

"Inu mukuti bwanji? Mumangokhala duu ngati simuli malume wake."

"Yakaleyo imakudziwani," ndinatero.

"Kundidziwako kundilowetsa muholo?"

"Ndikhoza kuibisa m'jekete langa. Nkhalamba ngati ine saipisa m'matumba."

"Ndilowe ngati mbala pa mwambo wa mwana wanga? Ndipo ndikalowa nayo ndiye chiyani? Kuchokera kudenga kuja, ndi lenzi iyi, Mzime adzaoneka ngati nyerere pambale."

Pamenepo ankanena zoona, ndiye ndinabwerera ku misomali yanga.

Mwambo unali Lachisanu. Anadikira mpaka Lachinayi masana, dzuwa lili pamutu, ndi pamene anandiuza kuti ndiwaperekeze. Mwini shopu anatulutsa kamera ija panja n'kuwapatsa. Alamu analoza thanki ya madzi imene ili pamwamba pa nyumba yosanja kumapeto kwa msewu. Lenzi inatuluka pang'onopang'ono ngati khosi la kamba. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anandipatsa kuti ndione. Ndinaona dzimbiri pa mabawuti a thanki, ndi khwangwala atakhala pamenepo, nthenga imodzi itathothoka paphiko. Alamu anadina, ndipo padzuwa pamenepo inamvera msanga.

Anavula yakale ija m'khosi n'kuiika pa kauntala osaiyang'ana.

"Koma madala," anatero mwini shopu, "ndikuuzeni chimodzi. M'malo amdima, mukaikokera patali, imayamba yafufuza. Mukadina imaganiza kaye. Mukakafika muholomo muyesere pa anthu angapo kuti chala chizolowere."

"Iwe, ndinayamba kujambula usanamere mano. Lero uzindiphunzitsa batani?"

"Ayi madala, ndimangonena."

"Uzinena kwa amene amagula mawailesi."

Lachisanu tinafika molawirira. Mlonda wa pakhomo anagwira kamera n'kuyesa kupotokola lenzi.

"Muithyola," anatero alamu. "Siichoka. Ndi ya malamulo anu omwewo."

Tinakwera masitepe n'kukhala pa mzere woyamba wa mipando yam'mwamba. Mazenera a holo anali atatsekedwa ndi makatani okhuthala. Pa nsanja pankawala magetsi achikasu, awiri mwa iwo ali akufa. Pansi, kutsogolo kwenikweni, panagwada mayi wa ku kampani ija, wovala thalauzi lakuda, makamera awiri akulendewera m'mapewa. Anagwada pamalo pomwe alamu ankagwada zaka zonse zija. Atayamba kuitana mayina, kamera yake inkang'anima katatu kanayi pa mwana aliyense.

"Taonani kuwaza," anatero alamu m'mano. "Amenewo ndiye akatswiri a akuofesi."

Mzime anali chakumapeto, pambuyo pa anzake oposa makumi asanu ndi atatu. Nthawi inalipo yambiri. Kamera inali pamwendo pawo, yozimitsa. Atadutsa ana khumi ndinawagunda ndi chigongono.

"Alamu, tayesani pa uyo."

"Lero sindijambula mwana wa mwini. Ngakhale mmodzi."

"Kungoyesa."

"Ndayesera pa ana a eni moyo wanga wonse. Chithunzi choyamba cha kamera iyi muholo muno chikhala cha wanga."

Mayi amene anakhala kumbuyo kwathu anawagwira paphewa n'kupempha kuti amujambulireko mwana wake, popeza foni yake sinkafika. Anamuuza kuti apite ku kampani.

Atatsala ana awiri anayatsa kamera, n'kutsamiritsa zigongono pa chitsulo cha kutsogolo kwathu. Lenzi inatuluka yonse. Dzina la Mzime linamveka. Anakwera masitepe a nsanja atavala zoyera, akuyenda mowongoka ngati amayi ake. Mkulu wa koleji anatambasula dzanja. Alamu anadikira monga amachitira nthawi zonse, mpaka manja awiriwo anakumana ndipo Mzime anatembenuzira nkhope kwa anthu. Pamenepo chala chinatsika.

Sipanamveke kanthu. M'kati mwa lenzi munkangolira kanjini kakang'ono, kupita kutsogolo, kubwerera. Pamene kamera inati tswi, Mzime anali atatembenuka kale, akutsika mbali ina.

Kwa nthawi yoyamba chiwadziwireni ndinawaona akuyang'ana pa kagalasi kakumbuyo. Nanenso ndinasuzumira. Panali msana woyera ndi theka la kachipewa, zonse zopakika ngati penti imene wina waikhudza isanaume. Chooneka bwino chinali mphika wa maluwa wa m'mphepete mwa nsanja. Anazimitsa kamera.

Panja anamuimika Mzime pansi pa mtengo n'kumujambula ndi satifiketi m'manja. Padzuwa kamera inamvera bwinobwino, ndipo zimenezo zinangowonjezera mkwiyo.

"Ababa, ndione cha m'kati chija."

"Udzaona."

"Sichinatuluke eti?"

"Chidole ichi ndi cha anthu akuba. Ndi amene analemba khadi lija, onsewo ndi amodzi. Mawa ndikamuponyera nayo kumaso wa shopu uja."

"Mukaponye," anatero Mzime, mawu ali pansi. "Mwezi wathunthu m'nyumba nkhani ndi kamera, kamera. Simunandifunse n'kamodzi komwe ngati nsapato za lero ndili nazo. Anandigulira ndi amalume awa. Wakhoza mayeso ndani kodi, ine kapena kamera?"

Alamu anandiyang'ana ngati ndawaba. Mzime anapita kwa anzake, ndipo kunyumba tinabwerera awiri, aliyense akuyang'ana zenera lake la basi.

Loweruka alamu anapitadi kushopu. Ndinamva mawu awo ndili pa benchi langa, zitseko zitatu kutali. Mwini shopu sanakweze mawu. Anangowakumbutsa zimene anawauza Lachinayi, n'kuwonjeza kuti yakale ija mwini wake watsopano anaitenga tsiku lomwelo. Alamu anabwera ndi kamera yosachotsa lenzi ili m'khosi, ndipo ndi imene akugwirira ntchito mpaka lero. Pansi pa magetsi a m'chipinda mwathu imajambula zoti munthu n'kulandira, ngakhale amaitukwana pa kasitomala aliyense.

Mzime anakhala masiku anayi osaponda pakhomo pathu. Lachitatu m'mawa alamu anasowa osatsanzika. Anabwera dzuwa litapendeka, nsapato zili fumbi, envelopu yaikulu ili m'khwapa. Anaiponya pa benchi langa.

"Maola atatu pa mzere," anatero. "Ine. Kuima kumbuyo kwa anthu amene ndinawajambula ali makanda, kuti mtsikana wa pa kauntala andifunse ngati ndikudziwa nambala ya chithunzi."

Ndinatulutsa chithunzicho. Manja awiri atagwirana, satifiketi pakati, Mzime akuyang'ana kutsogolo, maso ali gwa, mlomo ukuyamba kumene kumwetulira. Pakona yakumunsi panali dzina la kampani ija m'malembo ang'onoang'ono oyera.

"Wadula mapazi," anatero alamu. "Ndipo kuwala kwachuluka pachipumi. Mukuona?"

"Ndikuona."

"Dzinalo lichoke. Mudule m'munsimo, fulemu ibise. Mwana apachike kunyumba kwake popanda zolembalemba za anthu."

Ndinayala chithunzi pa bolodi, ndinaika lula wachitsulo pamwamba pa malembo aja, n'kutenga mpeni. Iwo anaima pambali panga akupumira m'mwamba. Nsonga ya mpeni itangokhudza pepala anandigwira dzanja.

"Siyani."

Ndinadikira.

"Wagwira ntchito mayiyu. Anawaza, koma wagwira. Lisiyeni dzinalo lioneke." Anandisiya dzanja n'kupukuta chala chawo pa malaya. "Koma akuofesi aja sindidzawakhululukira, mumve."

"Ndiike galasi liti?"

"Labwinolo. Osati zidutswa zanu zija. Ndipo mufulumire, ndikufuna ndikamupeze Mzime asanachoke kuchipatala kumene wayamba ntchito."