Supu Yofiira ya ku Polandi

Mwana wanga woyamba anapita ndi kamwazi asanayambe n'kuyenda komwe. Ndiye wachiwiriyu atabadwa, thewera lililonse ndinkaliyang'ana kaye padzuwa ndisanaliponye m'beseni. Anthu ankaseka, asekeni.

Alamu anga, achemwali awo a bambo a mwanayu, ankaphikira mzimayi wina wa ku Polandi amene ankaphunzitsa zosoka cha ku Mtakataka. Pobwerera kwawo, dona uja anawasiyira katoni ya timapaketi, ndipo alamuwo anafika nayo kwathu ku Golomoti atasenza, akuyenda monyang'wa. Pa timapaketipo panali zithunzi za mbale zofuka nthunzi, koma zilembo zake zamichira, si Chingerezi chija tinaphunzira ku pulayimale.

"Mlamu, izi ndiye zachizungu zenizeni," anatero. "Amayi ake a dona ankagwira ntchito ku fakitale yake. Akuti fakitaleyo inayamba kale ndi khofi wa mbewu zokazinga, kenako supu, kenako zotsekemera, kuti azimayi apantchito asamachedwe pamoto. Madzi otentha basi, chapsa."

"Chapsa osaphika? Inu alamu!"

"Uchimidzi ukupha iwe."

Anang'amba kapaketi kamodzi, n'kukhuthulira m'kapu, n'kuthira madzi. Mayo ine! Magazi okhaokha, ngati beseni la pophera mbuzi tsiku la msika, ndi kafungo kowawasa ka chinthu chogonetsa. Kena kanatulutsa phala loterera, lonjenjemera ngati mazira a achule m'ngalande za mpunga ku Bwanje. Ndinathamangira kuseri kukalavula. Bambo a mwana anamwa makapu awiri a supu yofiira ija akunyambita milomo. Ndinanena kuti mwana asalawe, ndinanena ndithu, kenako ndinapita kumjigo.

M'mawa mwake ndimasule thewera, lofiira. Lofiira psuu! Ndinamubereka mwana, nsapato sindinavale, ndinaimitsa kabaza, mnyamata akupalasa ine ndikungoti fulumirani achimwene, fulumirani, dzanja langa kumbuyo kumvetsera ngati mwana akupuma. Alamu anatitsatira pa njinga ina.

Tinaima pamzere wa kuchipatala. Kenako alamu anandikoka nsalu.

"Mlamu, usakuwe. Dzulo uli kumjigo ndinamumwetsa. Ankalilira."

"Mwana wanga? Zonyansa zija?"

"Timasupuni tochepa. Komanso ine ndemwe m'mawa uno... zofiira. Ndimaopa kunena."

Anthu akanapanda kutiyang'ana, kaya ndikanawatani.

Adokotala anamugwira mwana pamphumi, anamusinika pamimba, anandifunsa ngati akutsegula kapena kusanza. Ayi. Akuyamwa? Akuyamwa. Anapima za m'thewera, anatembenuza kapaketi kamene alamu anatulutsa m'chikwama, n'kuloza chithunzi cha chinthu chonga mbatata yofiira. Anati chimenecho chimapaka utoto m'mimba, si magazi, koma ndachita bwino kubwera. Ndinawafunsa kawiri. Kachitatu ndinangolira, mwana akundikoka tsitsi.

Alamu anati andilandire mwana pobwerera. Ndinakana.

Kunyumba tinapeza bambo a mwana atakhala kuseri kwa nkhokwe, atagwira pamimba, maso ali gwa.

"Mayi a mwana, ine sindili bwino. Kuchimbudzi zofiira zokhazokha."

"Mwana ali bwino," ndinatero. "Zanuzo afunseni achemwali anu."

Ndinalowa m'nyumba, ndinakoka katoni ija ndi phazi mpaka panja, n'kuwauza alamu kuti aisenze momwe anabwerera nayo. Kapu imene anamwetsera mwana ndinaikwecha ndi phulusa ndi mchenga, komabe sindinamwerenso.