Mpheta Atsikira ku Besi

Mu kwaya ya patchalitchi munali telala wina amene aliyense ankamutchula kuti Mpheta. Akakweza mawu, mawindo ankanjenjemera, mileme ya kudenga n'kusamuka ndi ana omwe. Wotsutsa akafunse milemeyo.

Chaka china mawu aja anayamba kutsika. Mkulu wa kwaya, bambo wa makutu akuthwa koma maso aulesi, anamuchotsa kutsogolo n'kumuika kwa aluto. Patapita zaka ziwiri anamukankhira kwa atena. Pofika chaka chachisanu, Mpheta anali kumbuyo kwenikweni pakati pa madoda a besi, moyandikana ndi tsache ndi ndowa.

"Alamu, mzere wina kulibetu," anatero mkulu wa mwamuna wake, yemwe naye ankaimba besi. "Mukatsikanso muziimbira panja."

Mpheta anaseka nawo, koma maso ali pa malo ake akale, pamene tsopano pankaima mtsikana wina.

Sanali mawu okha. Nsapato anasintha katatu, mpaka wogulitsa anamulangiza kuti akayese kwa osema mabwato. Mphete yaukwati anachita kuidula ndi pulayala. Mutu unkamuwawa tsiku ndi tsiku, ndipo anthu omudutsa cham'mbali sankawaona, mpaka anayamba kumunena kuti wayamba matama. Mwamuna wake ankangodziguguda pachifuwa: "Ndimadyetsa bwino ine!"

Tsiku lina namwino anabwera kudzasoketsa yunifolomu. Pakhoma la shopu anaona chithunzi chakale cha kwaya.

"Wapatsogoloyu ndi mng'ono wanu?"

"Ndine amene."

Namwinoyo anayang'ana chibwano, mphuno ndi zala zimene zinagwira tepi. "Mayi, yunifolomu idikire. Mawa mundipeze kuchipatala."

Kumeneko anamutenga magazi, n'kumugoneka m'makina ojambula m'mutu, aphokoso kuposa zigayo zitatu. Dokotala anafotokoza kuti pansi pa ubongo pali kachiwalo kochepa ngati nyemba, kamene kamalamula kakulidwe ka thupi. Pamenepo panamera chotupa, osati khansa ayi, chimene chinkauza thupi kuti lizikulabe, uku chikupanikiza mitsempha ya maso.

"Tichichotsa kudzera m'mphuno," anatero dokotala.

"Mphuno imeneyi mulowa ndi wilibala yomwe," anatero mlamu uja, yemwe anamuperekeza popanda womuitana.

Mpheta sanaseke. "Adokotala, nanga mawu anga abwerera?"

"Mutu usiya, maso atseguka, zala ziphwa pang'ono. Mafupa amene anakula sabwerera. Za mawu, sindikulonjezani."

Zinayenda momwemo. Mutu unasiya, anthu a m'mbali anayambanso kulandira moni, ndipo mwezi uliwonse amakabayitsa jakisoni woti zotsalira za chotupacho zisadzukenso. Koma m'mawa uliwonse, asanatsegule shopu, ankayesa kukweza mawu. Chimene chinkatuluka chinali lole yodzaza njerwa ikukwera chitunda. Mphaka wa pashopu yoyandikana anapempha kusamutsidwa.

Chaka chitatha, mkulu wa kwaya anabwera chipewa chili m'manja. "Ine ndinkangokusunthani ngati mpando, osafunsa. Pepani." Anasiya pathebulo kaseti yakale, ya chaka chimene Mpheta ankatsogolera nyimbo.

Mpheta anaiika mu wailesi ya pashelefu. Munatuluka kamawu kowonda, kowala, kakukwera osagwira pena paliponse. Misozi ya Mpheta inagwera pa siketi ya kasitomala imene ankasoka. Anabweza kasetiyo, n'kumvetseranso. Ulendo wachitatu, phazi lili pa makina osokera, analowa pansi pa kamawu kaja ndi besi yake yonse, mabatani n'kuyamba kuvina m'chitini.

Mpaka lero amatero m'mawa uliwonse. Kasitomala akagogoda msanga, amamuyankha ali mkati:

"Dikirani kaye, tisanamalize. Kamtsikana aka kamakwera kwambiri, kakufunika wokagwirira pansi."