Msoti wanga ndi nyimbo ya nambala wani

Pamsika wa Chadiza palibe amene angandipusitse pa malonda, funsani aliyense. Koma dzulo, ndikugula tayala la njinga, mwini shopu anaika nyimbo ina yakalekale, ine n'kungolipira mtengo woyamba ngati mlendo.

Chaka chomwe nyimboyo inatuluka, ine ndili kamnyamata, wailesi ya amalume ku Zemba inkawerenga nyimbo khumi zotchuka m'dziko lonse Loweruka masana. Yanga ija inakakamira pa nambala sikisi. Msuweni wanga Esinati ndiye ankaanika mabatire padenga la nkhokwe kuti apezenso mphamvu, n'kuwatsitsa ali otentha, akununkha chitsulo.

"Iwe mwamuna wanga wosauka," anatero mwachisuweni tsiku lina, "nyimbo imakwera ukaiimbira m'mabatire ali padzuwa. Koma pakamwa panga sipagwira ntchito yaulere."

"Ndikupatsa mtedza."

"Mtedza ukufikitsa pa faifi. Nambala wani ndi nkhuku."

Ndinanenerera mpaka thukuta, kenako ndinapereka msoti wanga umene unali utangoyamba kuikira. Kunyumba ndinanamizira vumbwe.

Nyimbo inakweradi, folo, thuu, ndipo pa mndandanda wotseka chaka inakhala pamwamba. Ndinathamanga kukadzitama kwa anzanga a ku Mlolo. Iwo anati wailesi yawonso inanena chimodzimodzi, osapereka ngakhale dzira. Mabatire athu anafika bwanji kwawoko?

Lero Esinati ali ndi khola lodzaza, akuti ndi zidzukulu za msoti uja. Ine ndimauzabe anthu kuti ndinavinitsapo dziko lonse ndi nkhuku imodzi. Inuyo mukuona kuti anapambana ndani?